Kumudzi kwa Amasai: ulemu wa mlendo kapena ufulu wa mwinimudzi?



Nkhani imene ndabwera nayo lero ikuoneka ngati ya eni ake a ku Kenya ndi ku Tanzania, koma mukaidekhera muona kuti ikufika mpaka ku Dedza. Ife amene tikukhala kuno ku Washington, kaya ku Silver Spring, kaya ku Alexandria, kaya ku Woodbridge, timafunsidwa funso limodzi kawirikawiri ndi azungu anzathu a kuntchito. Munthu walipira ulendo wokaona nyama ku Maasai Mara kapena ku Serengeti, ndiye pa pulogalamu pake alemba kuti tsiku lachinayi akacheza kumudzi kwa Amasai. Akakuona iwe wakuda ndiye basi wasanduka katswiri wa Africa yense: kodi kupita kumeneko n'kwaulemu? Ndivale chiyani? Ndingajambule?

Mabuku a alendo anayankha kale zimenezo. Upemphe usanajambule munthu. Usagawire ana maswiti. Uvale zodzilemekeza. Ugule mikanda kwa amayi osanenerera mtengo mpaka kuwalira. Zonsezi n'zabwino, sindikuzitsutsa ayi. Koma ine ndikuti ulemu umenewu ndi wapamwamba chabe, uli ngati kupukuta mapazi pakhomo la nyumba imene mwini wake akumuthamangitsa. Funso lenileni ndi lakuti: malo amene mlendoyo wapondapo ndi a ndani, ndalama imene walipira yalowa m'thumba la ndani, ndipo anasankha ndani kuti chimene aone ndi ichi osati icho?

Tiyambe ndi malo. Mu 1904 ndi 1911 Angerezi anasainitsa Amasai mapangano amene anawachotsa ku msipu wawo wabwino, kuphatikizapo Laikipia, kuti azungu akhazikitseko mafamu. Mu 1959 Amasai a ku Serengeti anasamutsidwa kuti malowo akhale a nyama zokha, ndipo ambiri anapita ku Ngorongoro atawalonjeza kuti kumeneko adzakhala mosavutitsidwa. Mwina wina anena kuti zimenezo ndi za atsamunda, zinapita. Eti? Mu June 2022 boma la Tanzania linadula malo okwana masikweya kilomita 1,500 ku Loliondo, apolisi anawombera, anthu anavulala, wapolisi mmodzi anafa, ena anathawira ku Kenya. Dera limeneli ndi lomwe kampani ya ku United Arab Emirates yotchedwa Otterlo Business Corporation inapatsidwa chilolezo chosakamo nyama mu 1992. Chaka chomwecho cha 2022 boma linayamba kusamutsa mabanja kuchoka ku Ngorongoro kupita ku Msomera, m'boma la Handeni, kutali kwambiri ndi kwawo. Boma linkati anthu akusamuka mwa kufuna kwawo ndipo cholinga n'kuteteza chilengedwe. Eni ake ambiri ankati ayi, tikufinyidwa. Mu August 2024 anatuluka mwaunyinji n'kutseka msewu umene magalimoto a alendo amadutsa.

Tsono taganizani. Chithunzi cha mnyamata wovala shuka yofiira, mkondo kumanja, akulumpha mpaka m'mwamba, ndi chimene chimagulitsa ulendo wonsewo. Chili pa chikuto cha kabuku, chili pabwalo la ndege. Mmasai wa pachithunzi amafunika zedi. Koma Mmasai wamoyo, wa ng'ombe zofuna msipu ndi madzi, ameneyo ndiye akuti akuwononga malo. Nanga mlendo akapempha mwaulemu asanajambule, nkhani imeneyi yatha?

Za ndalama nazo ndi zomvetsa chisoni. M'zaka za m'ma 2000 zinadziwika kuti m'midzi ingapo yozungulira Maasai Mara, ndalama yolowera pachipata imene mlendo ankalipira inkathera m'matumba a madalaivala owabweretsa, mudzi n'kumalandira nyenyeswa. Mudzi ukadandaula, dalaivala ankangokhotetsa galimoto kupita kumudzi wina. Mankhwala ake anali osavuta: mlendo azigula tikiti kuhotela, ndalama izipita ku akaunti ya mudzi. Ndipo dzina lenilenilo lakuti Maasai lakhala likugulitsa zovala, nsapato ndi katundu wina kunja kuno eni ake osaonapo kanthu. Bungwe lina la konkuno ku Washington, Light Years IP, linagwirapo ntchito ndi akuluakulu a Amasai pofuna kuti makampani otere azilipira.

Pano ena mwa inu mwayamba kale kulemba kuti ndiye anthu asamapiteko, n'chimodzimodzi kukaona nyama ku zoo. Ndikumvetsa mkwiyo umenewo. Konkuno ku Virginia, m'tauni ya Lynchburg, ndi kumene anafera Ota Benga mu 1916, munthu wa ku Congo amene mu 1906 anamuika m'nyumba ya anyani ku Bronx Zoo kuti anthu azimuona. Bala limenelo silinapole. Koma sindikugwirizana nanu. Kunena kuti musapiteko n'kuwalankhulira Amasai ngati ana, chimodzimodzi amene akuwasamutsa aja. Anthu amenewa si mbuli. Ali ndi maloya awo, aphungu awo, ana awo m'mayunivesite. Mukumbukire kuti mu 2002 anthu a ku Enoosaen ku Kenya, atamva kwa mwana wawo Kimeli Naiyomah za zimene zinachitika pa 11 September, anapereka ng'ombe 14 kupepesa maliro a Amereka. Dziko lolemera chonchi kupepesedwa ndi abusa a ng'ombe! Munthu wodziwa mwambo wa maliro chotere simungamuuze kuti sakudziwa chimene akuchita akalandira mlendo pakhomo pake. Ku Mara komweko kuli malo ngati Naboisho, amene anayamba mu 2010, kumene eni malo mazanamazana anabwereketsa malo awo kwa amahotela n'kumalandira lendi, malo akadali awo. Si kuti kulibe madandaulo, koma kumeneko mwinimudzi ali patebulo.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa ndi kumene ndimafuna kufika.

Mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu wa Malawi, Zambia ndi Mozambique kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Mu 2006 zojambula za pamiyala ya ku Chongoni nazonso zinalowa m'kaundula wawo. Tinakondwa tonse. Ndipo boma lililonse limene labwera, kaya la chipani chanji, lakhala likuimba nyimbo imodzi yakuti zokopa alendo zidzatitukula. Chabwino. Koma Gule Wamkulu si gule wa pamadyerero a kuhotela. Zilombo zimatuluka kudambwe pa maliro, pa chinamwali, pomanga ziliza, polonga mfumu. Kasiyamaliro ali ndi ntchito yake, sabwera chifukwa basi ya alendo yafika 3 koloko. Ndiye mwini hotela wa kunyanja akatenga anyamata anayi, kuwaveka zigoba, kuwavinitsa pakati pa nsomba ndi khofi, kenako kuwaponyera ya sopo, tinganene kuti chikhalidwe chapita patsogolo? Mfumu ya m'deralo inafunsidwa? Akuluakulu a kudambwe anavomera? Kapena ndi njala imene yavomera?

Ife Amalawi sitiyenera kuphunzitsidwa za kuvinira wamkulu. Amene munakula nthawi ya Kamuzu mukukumbuka amayi athu akutengedwa pa malole, atavala nsalu ya nkhope yake, kukavina pa Kamuzu Stadium dzuwa lili pamutu. Ankati ndi chikhalidwe. Gule analidi wathu, ng'oma zathu, mawu athu, koma wosankha tsiku, wosankha nyimbo, wopindula, anali wina. Matipate atabwera mu 1994 nsalu zinangosintha mtundu, kuvina kunapitirira. Chimene ndikuopa n'chakuti tingosintha munthu wokhala pampando wa kutsogolo, m'malo mwa wandale tiikepo mzungu wa kamera, amayi akhale omwewo, malipiro akhale omwewo.

Za malo nazonso tisamaloze chala Atanzania ngati ife ndife angelo. Pamene Nyika National Park inkakulitsidwa mu 1978, anthu anasamutsidwa m'midzi yawo, kusiya minda ndi manda a makolo. Funsani anzathu a ku Rumphi, akuuzani bwino kuposa ine.

Zitsanzo zabwino zilipo, ndipo si zakutali. Ku Mua, mishoni imene Ansembe Oyera anatsegula mu 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976. Nyumba ya Chamare ikufotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba za gule mazana angapo, chilichonse ndi tanthauzo lake. Mlendo amatuluka atadziwa kuti chimene waona chili ndi chiphunzitso, sikungogwedeza thupi. Osema ndi ovina a m'midzi yozungulira anapezapo ntchito. Inde, ndikudziwa kuti alipo Achewa amene amafunsa ngati zinthu za kudambwe zinayenera kuikidwa pakhoma kuti aliyense, ngakhale wosameta, aziona. Funso limenelo ndi lolemera, ndipo oyenera kuliyankha ndi eni mwambo, osati ife a pa kompyuta kuno ku Maryland. Ku Mfuwe m'dziko la Zambia, anthu a m'mudzi wa Kawaza anayamba kulandira alendo okha m'zaka za m'ma 1990, alendo n'kumagona m'nyumba za udzu, kudya nsima, ndalama n'kumathandiza sukulu ya pamudzipo. Ndipo ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a mayiko atatu amasonkhana mwezi wa August kwa Kalonga Gawa Undi, mlendo ndi wolandiridwa, koma mwambo sunakonzedwere iyeyo. Akabwera uchitika, akapanda kubwera uchitikabe. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Ndiye mnzanga wa kuntchito akandifunsa, ndimamuuza kuti pita. Koma usanalipire, funsa kampaniyo kuti pa ndalama ya tikiti ya kumudzi ndi zingati zikufika kumudziko, ndipo zikufika kudzera mwa ndani. Akayamba chibwibwi, wadziwa kale yankho. Ukafika, gule ukamuone, ulumphe nawo ngati maondo akulola, koma ukatha upemphe kukhala pansi ndi mkulu mmodzi kapena mayi mmodzi, umufunse za msipu, za chilala, za Loliondo. Ngati wokuperekezayo akuthamangitsa kuti nthawi yatha mukagule mikanda, dziwa kuti wakuonetsa sewero. Sewero si tchimo, anthu amadyera momwemo, bola alitchule dzina lake.

Kwa ife eni ake ndili ndi pempho lina. Ambiri kuno timatenga anzathu achizungu, apongozi, ana athu obadwira kuno, kupita nawo kumudzi pa holide. Timatumiza uthenga kuti mukonze gule alendo akubwera. Timalipira madola masauzande kukampani ya ndege osanyinyirika, koma ikafika nthawi ya oimba ng'oma tiyamba kuwerenga makwacha ngati tikugula tomato pa Lizulu. Tikabwerera kuno vidiyo ija ili pa Facebook, achinamwali a eni ake akuonedwa ndi dziko lonse, palibe amene anawafunsa. A unduna wa zokopa alendo tiwakalipira ndithu, ayenera kuika lamulo lakuti hotela yovinitsa gule izigwirizana ndi mfumu ndi eni gule, mtengo uzidziwika, risiti izilembedwa. Koma lamulo limenelo silidzafika pa bwalo la kwa agogo anu mu December muno. Pamenepo wolipira ndinu, wojambula ndinu.

A ku Dedza, a ku Kasungu, a ku Mchinji, ndikudikira muyankhe, makamaka inu ometa.