Tabuleti ikakana kuyaka italandira update, vuto silikhala la makina okha

LILONGWE – Pa 16 Seputembala 2024 kampani ya Apple ya ku America inatulutsa pulogalamu yatsopano yoyendetsera matabuleti ake yotchedwa iPadOS 18. Patangopita tsiku limodzi, kampaniyi inaimitsa kutumiza pulogalamuyi ku matabuleti a mtundu wa iPad Pro okhala ndi kachipangizo ka M4, kamba koti ena mwa iwo ankazima ali mkati moilandira ndipo sankayakanso. Amenewa anali matabuleti atsopano zedi, omwe analowa pamsika m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho pa mtengo woyambira madola 999 a ku America. Eni ake ena anachita kuwabweza kukampani kuti apatsidwe ena, ndipo pulogalamu yokonzedwa bwino, iPadOS 18.0.1, inatuluka pa 3 Okutobala.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya anthu olemera a maiko akutali, koma ikukhudza maofesi a boma m'dziko muno kuposa momwe ambiri angaganizire. Munthu wa ku New York tabuleti yake ikafa, amalowa m'sitolo ya kampaniyo tsiku lomwelo. Mlangizi wa zaumoyo wa ku Chitipa kapena ku Nsanje alibe mwayi wotere, ndipo chomwe chimakhala pachiwopsezo si tabuleti yokha ayi, koma ntchito yomwe ili mkati mwake.

Pa zaka zapitazi boma lasamutsa ntchito zambiri kuzichotsa pamapepala n'kuziika pamatabuleti. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa m'mwezi wa Seputembala 2018, yemwe anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 17.5 miliyoni, anali woyamba kuchitika pogwiritsa ntchito matabuleti, motsogozedwa ndi bungwe la National Statistical Office. Unduna wa zaumoyo unayambitsa njira ya iCHIS, yomangidwa pa pulogalamu ya DHIS2 yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, momwe alangizi a zaumoyo amalembamo za mabanja, amayi oyembekezera komanso ana a m'midzi yomwe amayang'anira. M'chaka cha 2023 unduna wa zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Chipangizo chilichonse mwa zimenezi chimayendera pulogalamu, ndipo pulogalamu iliyonse imafika nthawi yoti isinthidwe.

Kusinthaku, komwe ambiri amangokutchula kuti update, ndi pamene opanga pulogalamu atumiza zigawo zatsopano zoti zilowe m'malo mwa zakale, pofuna kutseka mipata yomwe akuba a pa intaneti angalowerepo, kukonza zolakwika kapena kuwonjezera zina. Tabuleti ikayamba kuvuta pambuyo pa update, nthawi zina cholakwika chimakhala mu update mwenimwenimo, monga zinachitikira ku Apple. Nthawi zina update imakhala yabwinobwino koma yadukizidwa panjira, batire itatha kapena malo osungira zinthu atadzaza. Koma vuto lomwe limasautsa kwambiri m'maofesi ndi lachitatu, pamene pulogalamu yaikulu yoyendetsera tabuleti yasintha pomwe pulogalamu yaing'ono yogwirira ntchito, yomwe mwina inapangidwa ndi thandizo la pulojekiti yomwe inatha kale, idakali yakale. Ziwirizi zimasiya kumvana, ndipo wogwira ntchito amangoona pulogalamu ikutseguka n'kudzitseka yokha.

Kusiyanitsa mavuto amenewa n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo pali dongosolo loyenera kutsatira, loyambira pa njira zosawononga kanthu. Tabuleti yooneka ngati yafa iyenera kuyamba yatchajidwa kwa mphindi zosachepera 30 ndi chaja yodalirika, popeza update imadya moto wambiri. Ikapanda kuyaka, ikakamizidwe kuyambiranso. Pa matabuleti ambiri a Samsung izi zimachitika podina batani loyatsira pamodzi ndi lotsitsira mawu kwa masekondi pafupifupi 10, pomwe pa iPad yopanda batani lakutsogolo munthu amadina n'kusiya batani la mawu lomwe lili pafupi ndi batani lapamwamba, kenako linzake, n'kugwira batani lapamwamba mpaka chizindikiro cha kampaniyo chitaoneka. Ngati tabuleti ya Android ikuyaka koma ikuvutabe, pali njira yoiyatsira yotchedwa safe mode, imene imatsekereza mapulogalamu onse oikidwa pambuyo pogula. Vuto likatha ili mu safe mode, ndiye kuti wolakwa ndi mmodzi mwa mapulogalamu amenewo osati tabuletiyo.

Zomwe zinachitika pa 22 Malichi 2021 zikusonyeza phindu la kudekha. Tsikulo mapulogalamu ambiri pa mafoni ndi matabuleti a Android, kuphatikizapo Gmail, anayamba kudzitseka okha m'maiko ambiri. Gwero lake linali update yolakwika ya kachigawo kotchedwa Android System WebView, komwe mapulogalamu ena amadalira poonetsa masamba a pa intaneti. Mankhwala ake anali a mphindi ziwiri: kuchotsa update ya kachigawoko, kapena kudikira yokonzedwa yomwe Google inatulutsa patapita maola ochepa. Aliyense amene anathamangira kufufuta zonse za m'chipangizo chake tsiku limenelo anataya katundu pachabe.

Kufufuta zonse kumeneku, komwe akatswiri amati factory reset, ndiko kofunika kukulankhulapo mwachindunji, popeza ndiko okonza mafoni ambiri a m'misika amathamangira, ndipo kawirikawiri kumathandizadi. Tabuleti imabwerera momwe inalili potuluka kufakitale n'kuyamba kugwira ntchito. Koma mapulogalamu otolera uthenga kumidzi anapangidwa mwadala kuti azigwira ntchito popanda netiweki. Amasunga zolembedwa m'tabuleti momwemo kufikira tsiku lomwe wogwira ntchito adzapeze netiweki ndi bandulo yotumizira ku seva ya kulikulu. Ngati mlangizi wa zaumoyo watha milungu iwiri akulemba za ana omwe alandira katemera koma asanatumize, factory reset imafafaniza milungu iwiri yonseyo. Kuchotsa pulogalamuyo n'kuiikanso kumachita chimodzimodzi. Choopsa chake n'chakuti kulikulu sikudzaoneka kuti chinachake chatayika. Chidzangooneka ndi chiwerengero chotsika cha dera limenelo, ndipo akuluakulu ogawa mankhwala ndi ndalama adzatengera chiwerengero chomwecho.

Palinso msampha wina womwe umadikira kuseri kwa factory reset. Kuyambira pa Android 5.1, tabuleti yofufutidwa mosatsata njira yake imafuna kuti munthu alowetse akaunti ya Google ndi mawu achinsinsi omwe analimo kale, ndipo Apple ili ndi loko wofanana naye wotchedwa Activation Lock. Cholinga chake n'chabwino, chothana ndi akuba. Koma m'boma anthu amasamutsidwa, amapita kusukulu, amapuma pantchito, ena amamwalira. Ngati tabuleti inatsegulidwa ndi akaunti ya munthu payekha, yemwe lero ali ku boma lina ndipo mawu achinsinsiwo anawaiwala, chipangizo chogulidwa ndi ndalama za misonkho chimasanduka chokongoletsera kabati ya ofesi.

Mabungwe akuluakulu a kunja nawo anakumana ndi vuto la makiyi limeneli pa 19 Julaye 2024, tsiku lomwe update yolakwika ya kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha kampani ya Microsoft. Update imeneyi inatumizidwa nthawi itangopitirira pang'ono 6 koloko m'mawa pa nthawi ya kuno, ndipo inabwezedwa patatha mphindi 78 zokha, koma madzi anali atatayika kale. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala zinaimitsa ntchito zina, ndipo ku South Africa makasitomala a banki ya Capitec anavutika kupeza ndalama zawo. Kampani ya ndege ya Delta inalepheretsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu. Kukonza kwake kunali kosavuta, kungochotsa fayilo imodzi, koma kunkafuna kuti munthu afike pa kompyuta iliyonse payokhapayokha, ndipo makompyuta otetezedwa ndi BitLocker ankafuna kiyi yapadera ya manambala 48. Omwe anasunga makiyiwa mwadongosolo anachira msanga. Ena anapeza kuti makiyi awo ali pa seva yomwe nayo inali itagwa.

Atamva zonsezi, mkulu wa ofesi angaganize kuti njira yabwino ndi kuletseratu ma update onse. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo umboni wake ndi wa m'boma momwemo, ngakhale la dziko lina. Pa 12 Meyi 2017 pulogalamu yoipa ya WannaCry inalowa m'makompyuta a zipatala za boma ku England, ndipo odwala pafupifupi 19,000 omwe anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala kapena lochitidwa opaleshoni anabwezedwa. Mpata womwe WannaCry inalowera, Microsoft inali itautseka kale ndi update yomwe inatuluka m'mwezi wa Malichi, miyezi iwiri m'mbuyomo, koma zipatala zambiri zinali zisanaiike. Choncho kukana update ndi kuilandira mwachimbulimbuli zonse ndi ngozi. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti ndani m'unduna kapena ku khonsolo ali ndi udindo wonena kuti update ilowe liti, komanso iyambire pa matabuleti ati.

Zida zochitira zimenezi zilipo kale, ndipo si zachilendo. Matabuleti a Android olembetsedwa pansi pa bungwe kudzera mu njira ya Android Enterprise amalola woyang'anira kuchedwetsa update kwa masiku 30, kusankha maola omwe ingalowe, kapena kuiimitsa kwa nyengo yosapitirira masiku 90. Apple nayo imalola mabungwe kuchedwetsa mpaka masiku 90. Izi zikutanthauza kuti unduna ungathe kunena kuti pa nthawi ya kalembera, ya kampeni ya katemera kapena yolembetsa opindula ndi ndondomeko ya zipangizo zaulimi, palibe tabuleti yomwe isinthe pulogalamu. Nyengoyo ikatha, update iyambe yayesedwa pa matabuleti ochepa a mtundu uliwonse kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako ipite ku boma limodzi, isanafalikire dziko lonse. Kampani ya CrowdStrike inalonjeza kutsata njira yomweyi ya pang'onopang'ono pambuyo pa ngozi ya 2024. N'zomvetsa chisoni kuti phunziro losavuta chonchi linachita kudikira makompyuta 8.5 miliyoni.

Kulembetsa matabuleti pansi pa bungwe kumathetsanso vuto la akaunti za anthu paokha, popeza makiyi amakhala m'manja mwa ofesi. Apa Dipatimenti ya E-Government ndi yomwe ili pamalo abwino oika muyeso umodzi woti maunduna onse atsate, makamaka poganizira kuti matabuleti ambiri amalowa m'boma kudzera m'mapulojekiti a mabungwe otithandiza, aliyense ndi mtundu wake, ndipo pulojekiti ikatha amene ankadziwa za makinawo amapita nayo.

Mbali ina ndi yogula. Pofuna kupulumutsa ndalama, n'kosavuta kusankha tabuleti yotsika mtengo osafunsa kuti wopanga adzapitiriza kutumiza ma update kwa zaka zingati. Maiko a mu European Union anaona kufunika kwa funsoli, ndipo kuyambira pa 20 Juni 2025 malamulo awo akufuna kuti mafoni ndi matabuleti atsopano ogulitsidwa kumeneko azilandira ma update kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pomwe mtunduwo wasiya kugulitsidwa. Lamulo limenelo silifika kuno, koma palibe choletsa makomiti ogula katundu m'maunduna, potsata malangizo a bungwe la PPDA, kulemba mfundo yotere m'zikalata za tenda, pamodzi ndi yakuti wogulitsa akhale ndi malo okonzera m'dziko muno. Maofesi omwe akugwiritsabe ntchito makompyuta a Windows 10, omwe Microsoft inasiya kuwatumizira ma update a nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, akulawa kale zotsatira za kusafunsa funso limeneli.

Pali chinthu chimodzi chomwe ogwira ntchito kumidzi amachita ndi mtima wabwino koma chofunika kuchiletsa mwamphamvu, ndicho kutengera tabuleti ya boma kwa wokonza mafoni wa pamsika poopa kudzudzulidwa ndi abwana. M'tabuleti ya mlangizi wa zaumoyo mumakhala maina a anthu ndi matenda awo. Lamulo la Data Protection Act la m'chaka cha 2024, lomwe linapereka udindo woyang'anira ku bungwe la MACRA, limaika uthenga wa zaumoyo m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera, ndipo udindo wouteteza uli pa bungwe lomwe linautolera. Koma kuletsa kokha sikungathandize ngati wogwira ntchitoyo sanauzidwe koti apite. Akufunika nambala ya foni ya katswiri wa ku khonsolo yemwe angayankhe, mafomu a mapepala oti apitirize nawo ntchito podikira, komanso chitsimikizo chakuti kunena msanga za tabuleti yovuta sikudzam'dulitsa malipiro.

Ofesi yofuna kudziwa pomwe ili ingayambe ndi kaundula wake wa katundu. Kawirikawiri mumalembedwa mtundu wa tabuleti, nambala yake ndi dzina la yemwe anaisainira. Mizere itatu ikufunika kuwonjezeredwa: akaunti yomwe tabuletiyo inatsegulidwa nayo ndi komwe mawu ake achinsinsi akusungidwa, tsiku lomaliza lomwe inatumiza uthenga ku seva, komanso chaka chomwe wopanga adzasiye kuitumizira ma update. Wogwira ntchito akamasamutsidwa, mizere imeneyi iziyamba yatsimikizidwa asanasainiridwe chikalata chosiyira ntchito mnzake.