Mau a Mwana wa kwa Kapichi Amveke Kutali

Anthu a m'dziko muno anadziwa kale kuti munthu angathe kupeza zofunika pa moyo wake ndi mau ake. Wailesi ya MBC itakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, masewero onga Kapalepale ndi Pamajiga ankasonkhanitsa mabanja pamodzi, ndipo m'chaka cha 1997 sewero la Zimachitika linatsata njira yomweyo. Ochita masewerowa sankaoneka nkhope, komabe omvera ankawazindikira akangotsegula pakamwa.

Masiku ano ntchito imeneyi yapeza msika wina. M'masewera a pakompyuta ndi pafoni muli anthu ojambulidwa amene amayankhula, kuseka ndi kulira, ndipo mau amenewa amachokera kwa munthu weniweni amene amaima m'situdiyo nalandira malipiro. Nanga mnyamata kapena mtsikana wa kwa Kapichi ku Thyolo, amene makolo ake amathyola tiyi, angalowe bwanji m'ntchito yotere?

Luso lokha silikwanira. M'masukulu, m'matchalitchi ndi m'makomboni a m'maesiteti muli achinyamata odziwa kusintha mau, ena oyankhula Chichewa, Chilomwe ndi Chingerezi. Koma olemba ntchito safika m'minda ya tiyi kudzafunafuna anthu. Iwo amapereka ntchito kwa munthu amene anamumvapo, kapena amene mnzao wodalirika wamutchula. Kudziwana kumeneku kumachitika pa misonkhano ya opanga masewera, monga wa ku San Francisco ku America ndi wa Africa Games Week ku Cape Town.

Chitsanzo chili pafupi. M'chaka cha 2015, Malenga Mulendema wa ku Zambia anasankhidwa pa mpikisano wa olemba nkhani wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nkhani yake inasanduka katuni ya Supa Team 4, yosimba za atsikana a mu Lusaka, imene inatuluka pa Netflix m'chaka cha 2023. Ngakhale kuti katuni si masewera a pakompyuta, ntchito ya mau ndi yofanana, ndipo khomo linatseguka chifukwa mwini luso anafika pamene eni ntchito anali kuyang'ana.

Mwana wa wothyola tiyi sangakwanitse ulendo wa pandege. Apa ndi pamene pali udindo wa aphunzitsi akulu, alangizi a achinyamata ndi atsogoleri a m'madera. Choyamba, mipikisano ya masewero m'masukulu ilimbikitsidwe, ndipo opambana ajambulidwe mau ao pamalo opanda phokoso, pakuti chimene wolemba ntchito amayamba kufunsa ndi mau ojambulidwa a mphindi imodzi kapena ziwiri. Chachiwiri, achinyamatawa aperekezedwe ku Blantyre, kumene si kutali ndi Thyolo, kuti akadziwane ndi a wailesi ndi opanga mafilimu. Chachitatu, pamene zokambirana za pa misonkhano yakunja zikuulutsidwa pa intaneti, ofesi kapena sukulu yokhala ndi kompyuta itsegule chitseko kuti iwo atsatire ndi kutumiza mau ao.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Kudziwana kusasanduke kukonderana. Wogwira ntchito m'boma amene amatumiza mphwake m'malo mwa mwana waluso akubera dziko, chifukwa olemba ntchito akakhumudwa kamodzi sabwereranso.

China ndi mapangano. Kuyambira mwezi wa Julaye 2024 mpaka pakati pa chaka cha 2025, ochita mau m'masewera a pakompyuta a m'bungwe la SAG-AFTRA ku America ananyanyala ntchito, poopa kuti makina a AI adzatsanzira mau ao popanda chilolezo kapena malipiro. Ngati akatswiri otere anaima chilili pafupifupi chaka chathunthu, kuli bwanji mwana wakumudzi amene angagulitse mau ake kwamuyaya pa mtengo wa thumba la chimanga? Safunsa anadya phula. Asanasaine pepala lililonse, wachinyamata afunse uphungu ku bungwe la COSOMA, loteteza eni luso m'dziko muno.

Tiyi wa ku Thyolo amamwedwa m'maiko akutali chifukwa panakonzedwa njira yomufikitsira kumsika. Nkofunika tsono kuti onse amene ali ndi udindo akonzenso njira yoti mau a ana a kwa Kapichi afike kwa owafuna, ndipo malipiro ake abwerere kwa eni ake.