Sankhani Chilankhulo Chimodzi cha Kompyuta

Anzanga, pali mkangano umene wafala pakati pa anyamata okonda kompyuta. Wina akuti chilankhulo chabwino cholembera mapulogalamu ndi Python, wina akuti Java, winanso akuti mwamuna weniweni amalemba C. Ndikamvetsera bwino, ndimapeza kuti ambiri mwa okanganawo sanalembepo pulogalamu yofika mizere 20. Maganizo anga ndi awa: sankhani chimodzi, mukhale nacho chaka chathunthu.

Ine ndingasankhe Python, imene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. Mizere yake imawerengeka mosavuta. C, imene Dennis Ritchie anapanga mu 1972, ndi yamphamvu ndithu, koma woyamba kumene imamutangwanitsa ndi tizinthu tambirimbiri asanaone chipatso cha ntchito yake. Chifukwa china ndi cha kwathu. Kwa Kalembo nyumba zambiri zilibe magetsi, kompyuta ndiye osanena. Koma foni ya Android imapezeka, mwina kwa achimwene kapena kwa amalume, ndipo Python imayenda pa foni kudzera mu Pydroid 3, ngakhale popanda intaneti ukangoiika. Patchuthi ukatchajitsa foniyo pa Ulongwe, sukulu yayamba. Foni ikasowa, kope ndi pensulo zilipo: lemba mizere yako, uitsatire ndi chala umodzi umodzi ngati kompyutayo ndiwe. Amene analimbanapo ndi Chilatini akudziwa kuti chilembo chimodzi kumapeto kwa mawu chimasintha chiganizo chonse. Kompyuta nayo sikhululuka pamenepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anzanga amene athamangira kale ku concurrency, ndiko kuti pulogalamu imodzi igwire ntchito zingapo nthawi imodzi. Amva kuti chilankhulo cha Go, chimene Google inatulutsa mu 2009, chimayambitsa ntchito masauzande ndi mawu amodzi okha. Ndi zoona. Koma kuyambitsa ntchito zambiri n'kosavuta, chovuta n'chakuti zisapondane.

Tiyerekeze ndi banki mkhonde ya amayi athu. M'buku mwalembedwa kuti m'bokosi muli K50,000, ndipo alembi ndi awiri. Woyamba wawerenga, walonjeza mayi wina K30,000. Asanalembe, wachiwiri wawerenganso K50,000 yomweyo, walonjeza mayi winanso K40,000. Aliyense masamu ake ndi olondola, komabe gulu lalonjeza K70,000 imene lilibe. Akatswiri amati race condition. Mankhwala ake ndi loko: wogwira buku awerenge, alembe, atseke, kenaka wina atenge.

Lokoyo nayonso ili ndi msampha wake. Mtsikana wina watenga mtondo akudikira munsi, mnzake watenga munsi akudikira mtondo, palibe wofuna kusiya chake. Chimanga sichisinjidwa mpaka dzuwa kulowa. Imeneyo ndiyo deadlock, ndipo Edsger Dijkstra ankaphunzitsa kale za vutoli mu 1965. Kuipa kwa zolakwika zoterezi n'kwakuti zimabisala. Pulogalamu imayenda bwino maulendo 1,000, n'kudzagwa tsiku limene palibe akuyang'ana.

Wina asayese kuti ndi masewera. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina ochizira khansa otchedwa Therac-25 anawotcha odwala 6 ku America ndi ku Canada ndi mphamvu yopitirira muyeso, ena mwa iwo n'kumwalira. Chimodzi mwa zifukwa chinali race condition imene inkaoneka pokhapokha woyendetsa makinawo akalemba mofulumira kwambiri. Kodi mnyamata amene sangathe kufotokoza mizere 20 yoyenda umodzi pambuyo pa unzake, angasunge bwanji ntchito ziwiri zoyendera limodzi?

Ena akuti kuvutikiranji, pakuti kuyambira 2022 ChatGPT imakulembera pulogalamu ukangoipempha. Imalemba inde, ndipo nthawi zina imalemba zolakwika mokongola. Wozigwira ndi yekhayo amene anaphunzira kuwerenga mzere ndi mzere.

Kwa abambo ansembe ndi aphunzitsi athu ndipempha ola limodzi Loweruka lililonse m'chipinda cha makompyuta, loti tilembe tokha, osati kungokopera za pa bolodi. Ntchito yoyamba ikhale yaing'ono, monga kuwerengetsa mamakisi a kalasi kapena matumba a chimanga a m'sitolo. Ndipo inu makolo, mukaona mwana wakodola khosi pa foni patchuthi, musafulumire kumulanda. Muuzeni akuonetseni chimene walemba, akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene mzere uliwonse ukuchita.