Wolemba amamangidwa, mwini Facebook osakhudzidwa

Mawu sadinditsa chiphaso pa Muloza. Uthenga wojambulidwa m'mawa pamsika wa Limbuli umakhala utamveka kale ku Majaua ndi ku Mongue dzuwa lisanafike paliwombo. Ambiri kuno ku Milange tili ndi masimu awiri, ya Movitel kapena Vodacom, ndi ina ya Airtel kapena TNM yoimbira abale a ku Mulanje. Maiko ndi awiri, malamulo ndi osiyana, koma gulu la pa WhatsApp la ogula nandolo ndi limodzi. Tsono uthenga wa m'gulumo ukanamizira munthu ufiti kapena umbava, anthu n'kumuthamangitsa ndi miyala, ayankhe mlandu ndani? Wolemba, wotumiza kwa anzake, kapena kampani yomwe idauyendetsa?

Boma la Mozambique lidayesapo kuyankha funsoli, ndipo lidayamba ndi wolemba. Mu Novembala 2013, katswiri wa zachuma Carlos Nuno Castel-Branco adalemba kalata pa Facebook yodzudzula mwamphamvu Pulezidenti Armando Guebuza. Oimira boma pamilandu adati kumeneko n'kusokoneza chitetezo cha dziko. Adamutengera kukhoti pamodzi ndi Fernando Mbanze, mkonzi wa nyuzipepala ya MediaFax, amene adasindikiza kalatayo. Mu Seputembala 2015 khoti la Kampfumo ku Maputo lidamasula onse awiri, ponena kuti nzika ili ndi ufulu wodzudzula mtsogoleri wake ngakhale mawuwo atawawa. Chigamulocho chidatsamira pa gawo 48 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limateteza ufulu wolankhula. Koma taonani amene adaima m'bokosi: wolemba ndi mkonzi. Facebook, komwe kalatayo idabadwira, palibe adaiitana.

Kutsidya kwa Muloza nkhani yake ndi yomweyo. Mu 2016 apolisi a ku Malawi adamanga akuluakulu ena a chipani cha MCP chifukwa cha zokambirana za pa WhatsApp. Chaka chomwecho kudabwera lamulo la zapaintaneti, lomwe gawo lake 87 lakhala likugwiritsidwa ntchito pomanga anthu oti atumiza mauthenga onyoza. Joshua Chisa Mbele adamangidwa mu Januwale 2022 pa zomwe adalemba pa Facebook, ndipo mlandu wake ndi umene udachititsa kuti mu Julaye 2025 khoti lithetse gawo 200 la malamulo a milandu, lija linkalola kutsekera munthu m'ndende chifukwa choipitsa mbiri ya wina. Woipitsidwa mbiri angathe kukasumabe n'kupempha chipukutamisozi, koma za unyolo zidatha. Ine ndidakondwa nacho chigamulochi, ndipo ndikadakonda aphungu athu ku Maputo atachiwerenga.

Njira ina imene maboma amathamangirako ndi yoipa kuposa kumanga munthu mmodzi. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okotobala 2024 chitatha, Venâncio Mondlane, amene adapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, ankalankhula ndi omutsatira kudzera pa Facebook, n'kumaitanitsa zionetsero. Pa 25 Okotobala intaneti ya pafoni idazima, ndipo masiku otsatira Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidatsekedwa. Zionetsero sizidathe ayi. Zidapitirira mpaka Disembala, pomwe anthu masauzande a kuno ku Zambezia adathawira ku Nsanje. Amene adalangidwa ndi mayi wofunsa mtengo wa chimanga ku Mocuba, mwana wa sukulu, ndi munthu wofuna kudziwa ngati msewu wa ku Quelimane ukuyendeka. Ndipo anthu akasowa komvera zoona, mphekesera ndiye zimakula.

Nanga makampaniwo amapulumuka bwanji? Chishango chawo chidasulidwa ku America mu 1996, m'gawo 230 la lamulo la zofalitsa mauthenga. Gawolo limati kampani yosunga zolemba za anthu ena isatengedwe ngati ndiyo yazilemba kapena kuzisindikiza. Nzeru yake si yopusa. Kampani itamaimbidwa mlandu pa chilichonse chomwe munthu walemba, ikhoza kumangofufuta chilichonse chokhudza ndale poopa makhoti, ndipo kalata ngati ya Castel-Branco sikadatha tsiku. Lamulo la ku Malawi la 2016 nalo limateteza wongodutsitsa uthenga, bola achotse choipacho akadziwitsidwa.

Koma 1996 ndi kale. Facebook ya lero sikuti imangosunga zolemba. Imasankha yokha choti chifike pamaso panu, ndipo chimene anthu akuchikangana kwambiri ndicho imachikankhira patsogolo, chifukwa mukachedwa pafoni otsatsa malonda amailipira. Khonsolo yotolera ziphaso pamsika singakane udindo pa nyama yowola imene yauzidwa kuti ikugulitsidwa pamenepo. Maiko ena ayamba kuganiza chotero. Bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo mu 2022 lokakamiza makampani akuluakulu kukhala ndi njira yolandirira madandaulo, kufotokoza chifukwa chochotsera cholemba, ndi kulipira chindapusa chachikulu akanyozera. Khoti lalikulu la ku Brazil mu Juni 2025 lidachepetsa chitetezo chimene makampaniwa anali nacho. Ku Kenya, mu Epulo 2025, khoti lidavomera kumva mlandu wosumira Meta, mwini Facebook, pa imfa ya Pulofesa Meareg Amare wa ku Bahir Dar ku Ethiopia, amene adawomberedwa mu Novembala 2021. Mwana wake akuti adadandaula kukampaniyo za zolemba zoulula dzina ndi komwe bambo ake ankakhala, koma sizidachotsedwe msanga.

Ife a m'malire muno sitifunika kuphunzitsidwa kuti mphekesera imapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa idazunguza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Chaka chomwecho kuno ku Milange amuna adazi ankaphedwa chifukwa cha bodza loti m'mutu mwawo muli chuma. Nthawi imeneyo mphekesera zinkayenda kwambiri ndi pakamwa ndi pa njinga. Lero zili m'thumba mwa aliyense, zojambulidwa m'Chichewa kapena m'Chilomwe, ndipo pokadandaula pafoni umangodina batani n'kudikira yankho la makina.

Za WhatsApp n'zovutirapo, chifukwa mauthenga ake ndi otsekedwa moti kampani singawawerenge. Chimene idachita ndi kuchepetsa katumizidwe: mu 2019 idati uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi, ndipo mu 2020 idati wotumizidwa kambirimbiri uzipita kumodzi. Izi zikusonyeza kuti kampani ikafuna imatha kuchitapo kanthu popanda kusuzumira zinsinsi za munthu. Zikusonyezanso kuti gawo lina la udindo lili kwa ife oyang'anira magulu. Kuchotsa m'gulu malume ako amene amatumiza zabodza n'kowawa, koma mphamvuyo ili m'manja mwako, osati kwa eni WhatsApp ku California.

Maganizo anga ndi awa. Wodzudzula pulezidenti, bwanamkubwa kapena mkulu wa boma la Milange asamangidwe; wonyozedwayo akasume yekha ngati nzika ina iliyonse. Kuzimitsa intaneti kukhale koletsedwa pokhapokha khoti litalamula poyera. Koma kampani ikadziwitsidwa za cholemba choitanira anthu kukapha kapena kuwotcha nyumba ya munthu, n'kuchisiya, iyankhe mlandu, ndipo woweruza akhale khoti, osati nduna. Mozambique payokha kapena Malawi payekha ndi msika waung'ono woti Meta singauope. INCM ndi MACRA, mabungwe oyang'anira za mauthenga m'maiko awiriwa, zitapita limodzi kudzera ku SADC, n'kufuna kuti makampaniwa alembe ntchito anthu omva zilankhulo zathu ndi kutsegula ofesi yolandira madandaulo m'chigawo chino, mawu awo angalemere. Aphungu a ku Zambezia ndi a ku Mulanje, yambitsani nkhaniyi m'nyumba zanu zamalamulo chisankho china chisanafike.