Tsamba Likagwa Pambuyo pa Kukonza Makina

Masiku ano nchito zambiri zimene kale munthu anali kuziyendera ulendo wa pansi kapena wa basi zicitika pa intaneti. Mwana wa sukulu afuna zotsatira za mayeso ace pa tsamba, wofuna nchito atumiza kalata yace pa tsamba, ndipo wamalonda naye alipira ndi kulandira ndalama pa tsamba. Tsamba liri lonse lotere likhala m'kompyuta ina yosazima usana ndi usiku, dzina lace seva, imene nchito yace ndiyo kuyankha ali yense wogogoda. Kompyuta imeneyi ifunika kuikidwa mapulogalamu atsopano nthawi ndi nthawi, ndiyo nchito imene pa Cingerezi amati upgrade. Koma kawirikawiri zicitika kuti mmisiri akatsiriza nchitoyi madzulo, m'mawa mwace tsamba silitseguka, ndipo anthu onse aja abwerera cimanjamanja.

Zikatere, mau amene amveka msanga m'maofesi ndi akuti pulogalamu yatsopanoyo njoipa, ndi kuti kukadakhala bwino kusiya makina monga analiri. Ife sitigwirizana nao mau amenewa, ndipo tifuna kuonetsa owerenga athu cifukwa cace. Seva payokha siidziwa kanthu. Imvera malangizo olembedwa m'mafailo owerengeka, amene aiuza foda m'mene muli tsamba, anthu amene aloledwa kulowa, ndi pulogalamu imene iyenera kuitanidwa kuti ithandize. Malangizo amenewa analembedwa zaka zapitazo monga mwa malamulo a pulogalamu yakale, kapenanso ndi munthu amene anacoka kale pa nchitoyo osasiya mbiri ya zimene anacita. Pulogalamu yatsopano ikafika ndi malamulo ace, mau ena akale iwamva mwa njira yina, ndipo ena siiwamva konse. Colakwa kawirikawiri cigona pamenepa, ndipo munthu wofufuza mosamala acipeza.

Citsanzo codziwika bwino ndico ca Apache, pulogalamu ya seva imene inayamba mu 1995 ndipo igwiritsidwa nchito m'maiko onse kufikira lero. Mu February 2012 eni ace anaturutsa mtundu wa 2.4 kuti ulowe m'malo mwa 2.2. Anthu ambiri sanakumane nao nthawi yomweyo, pakuti Apache amamlandira pamodzi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga Ubuntu kapena Debian. Ubuntu ndi uja anayambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, amene dzina lace lifanana tanthauzo ndi mau athu akuti umunthu. Cotero ambiri anakumana ndi Apache 2.4 mu April 2014, pamene Ubuntu 14.04 anaturuka, ndi mu April 2015, pamene Debian 8 anaturuka. Masamba ambiri anagwa m'miyezi imeneyo, ndipo mwa zifukwa zace tichula zitatu.

Coyamba cinali ca cilolezo colowera. Mu Apache 2.2 mmisiri anali kulemba "Order allow,deny" ndi "Allow from all" pofuna kutsegulira alendo foda ya tsamba. Mu 2.4 nchito imeneyi inapatsidwa kwa mau ena, akuti "Require all granted". Ndiponso Ubuntu ndi Debian anaika lamulo lotseka mafoda onse a m'kompyuta kupatula owerengeka okha, monga /var/www. Motero amene anasunga tsamba lace kwina, nadalira mau akale aja, anapeza kuti ali yense wofika alandira nambala 403 ndi liu lakuti "Forbidden", ndiko kunena kuti kulowa nkoletsedwa. Tsamba linalipo lamphumphu, losasowa ngakhale cithunzi cimodzi, koma mlonda wa pakhomo anali atasinthidwa, ndipo kalata yakale yacilolezo sanaizindikire.

Caciwiri cinali ca maina a mafailo. Kale pafupifupi failo iri yonse yoikidwa m'foda ya sites-enabled inali kuwerengedwa ndi seva. Koma mu Apache 2.4 wa Ubuntu ndi Debian iwerengedwa yokhayo imene dzina lace lithera ndi .conf, ndipo zina zonse zilumphidwa popanda dandaulo liri lonse. Cacitatu cinali cakuti foda yoyambira inasunthidwa kucoka pa /var/www kupita pa /var/www/html. Pa zifukwa ziwirizi mlendo anali kufika pa adiresi ya sukulu kapena ya sitolo, napeza tsamba lacilendo lolembedwa mau akuti "It works", kutanthauza kuti seva iri kugwira nchito. Ndipo inali kunena zoona. Seva inali kugwira nchito, koma malangizo a mwini tsamba sinawawerenge.

Nkhani ya 2014 inapita, koma bvuto lofanana nalo libwerera kamodzi pa zaka ziwiri, pakuti m'mwezi wa April wa caka caciwiri ciri conse Ubuntu aturutsa mtundu wace wokhalitsa. Masamba ambiri alembedwa m'cinenero ca makompyuta dzina lace PHP, ndipo mtundu uli wonse wa Ubuntu ubwera ndi PHP wace: wa 16.04 unabwera ndi PHP 7.0, wa 20.04 ndi 7.4, wa 22.04 ndi 8.1, ndipo wa 24.04 ndi 8.3. Nambala ya PHP ilembedwa m'malangizo a seva. Cifukwa cace munthu akacoka pa 20.04 kupita pa 22.04, Apache angathe kukana kudzuka, popeza afunafuna php7.4 amene kulibenso. Ndipo wogwiritsa seva ina, dzina lace nginx, aona nambala 502, pakuti seva igogoda pa khomo la php7.4-fpm.sock pamene khomo latsopano ndi php8.1-fpm.sock. Nthawi zina tsamba lokha ndilo lakalamba: PHP 7.0 anataya mau akale olankhulirana ndi MySQL, kotero kuti masamba olembedwa ndi mau amenewo analeka kugwira nchito. Coopsa koposa zonse cicitika pamene PHP sanalumikizidwe konse, pakuti seva ingathe kupereka kwa mlendo mau enieni a pulogalamu monga analembedwera, ndipo m'mau amenewo kawirikawiri muli dzina ndi mau acinsinsi otsegulira database, nkhokwe imene isunga maina ndi mbiri za anthu.

Nanga mmisiri wanzeru acite ciani tsamba likagwa? Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanakhudze kanthu, ayambe waona nambala imene seva ipereka, pakuti nambala iri yonse iloza kwace: 403 iloza ku cilolezo, 404 iloza ku foda kapena dzina losapezeka, 500 iloza ku colakwa ca m'kati mwa pulogalamu ya tsamba kapena m'malangizo ace, ndipo 502 inena kuti wothandiza amene seva inamuitana sanayankhe bwino. Atatero afunse seva yomweyo. Lamulo lakuti apachectl configtest liwerenga malangizo onse, ndipo likapeza mau osamveka lichula dzina la failo ndi nambala ya mzere. Likapanda kupeza kanthu liyankha kuti "Syntax OK". Lamulo lakuti apachectl -S lionetsa masamba amene seva iwadziwa, ndipo tsamba losapezeka pa mndandanda umenewo ndiye kuti failo yace yalumphidwa. Wogwiritsa nginx ali ndi lamulo lace lofanana, nginx -t.

Pambuyo pace atsegule kaundula wa zolakwa, amene pa Ubuntu ndi Debian akhala pa /var/log/apache2/error.log. Seva ilemba m'menemo dandaulo liri lonse pamodzi ndi tsiku ndi ola lace. Pa bvuto la cilolezo lija, mwacitsanzo, mupezeka mzere wa nambala AH01630 wonena kuti mlendo wakanizidwa ndi malangizo a seva, nuchulanso foda imene yatsekedwa. Ncodabwitsa kuti amisiri ena atha usiku wonse kuyesa ici ndi ico, pamene yankho linalembedwa kale m'kaundula ameneyu. Akumbukirenso kuti pa nthawi ya upgrade kompyuta imafunsa ngati isunge malangizo akale kapena iike atsopano, ndipo amene sanasankhidwe imawasunga pambali ndi dzina lothera .dpkg-old kapena .dpkg-dist. Kuika mafailo awiriwa pafupi ndi kuwayerekeza mzere ndi mzere kuonetsa cimene casintha. Ndipo posintha, asinthe cinthu cimodzi cokha, ayese, alembe m'buku, ndipo pamenepo apite ku cina. Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi, ngakhale tsamba litadzuka, sadziwa cimene calidzutsa, ndipo tsiku lina likadzagwanso adzayambira pomwe anayambira.

Pali mankhwala awiri onyenga amene tiyenera kucenjeza nao. Oyamba ndiwo kutsegula zonse. Mmisiri wopanikizidwa ndi matelefoni a akulu ace alemba chmod 777 pa mafoda a tsamba, ndiko kulola ali yense wa m'kompyutamo kuwerenga ndi kulemba m'menemo. Kapena alemba "Require all granted" pa kompyuta yonse m'malo mwa foda imodzi yofunikayo. Kapena tsamba lidzuka ndithu, ndipo onse amtamanda. Koma acita monga munthu amene kiyi wace wakana, nazula citseko conse kuti alowe, nagona m'nyumba yopanda citseko. Cilolezo ciyenera kuperekedwa pa foda imene ifunika, ndi kwa amene afunika, osapitirira pamenepo.

Mankhwala aciwiri ndiwo kukana upgrade kotheratu. Maganizo amenewa aoneka ngati nzeru, koma mathero ace ngowawa. Mapulogalamu ali ndi nthawi yao. Apache 2.2 anaturuka komariza mu July 2017, PHP 7.4 eni ace analeka kumsamala mu November 2022, ndipo mtundu wokhalitsa wa Ubuntu usamalidwa mwa nthawi zonse zaka 5. Nthawi ikatha, mipata imene akuba aipeza siitsekedwanso ndi eni ace. Za mtengo wa kuzengereza tiphunzire kwa Equifax, kampani ya ku America yosunga mbiri ya ngongole za anthu. Mu March 2017 panalengezedwa mpata woopsa m'pulogalamu ya masamba dzina lace Apache Struts, imene iri yosiyana ndi seva ija ngakhale icokera ku bungwe limodzi, ndipo cotsekera mpatawo cinaturutsidwa mwezi womwewo. Kampaniyo siinaciike pa makina ena ofunika. Akuba analowa kuyambira May kufikira July, natenga mbiri za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Ndipo mu 2019 kampaniyo inabvomera kulipira ndalama zofika madola 700 miliyoni. Tsamba logwa kwa maola ocepa lidzutsidwa, koma maina a anthu akabedwa sabwerera. Walira mvula walira matope: wofuna makina otetezeka alandirenso nchito yokonza malangizo ace.

Tsono mau athu otsiriza apita kwa akulu a maofesi, a masukulu ndi a makampani, pakuti mlandu uwu suli wa amisiri okha iai. Zosintha zonse zitatu za Apache zimene tachula zinalembedwa poyera: eni Apache anaturutsa kalata yolongosola kacokedwe ka pa 2.2 kupita pa 2.4, ndipo a Debian ndi a Ubuntu nao analemba macenjezo ao. Safunsa anadya phula. Koma mmisiri sangawerenge makalata amenewa ngati sapatsidwa nthawi, ndipo sangayese kanthu ngati alibe poyesera. Mkulu wa ofesi asalole upgrade kucitika asanafunse mafunso anai. Kodi kope la malangizo onse a m'foda ya /etc, la tsamba ndi la database lasungidwa pa malo ena, ndipo layesedwa kuti libwezeretseka? Kodi nchitoyi yayamba yacitidwa pa kompyuta yoyesera? Kodi tsiku losankhidwalo liri kutali ndi masiku a piringupiringu, monga oturutsa zotsatira za mayeso kapena olipira malipiro? Ndipo kodi anthu auzidwa kuti tsamba lidzatsekedwa kuyambira ola lakuti kufikira ola lakuti?

Pamwamba pa izi, ofesi iri yonse ikhale ndi buku la seva, m'mene mulembedwa cosintha ciri conse, tsiku lace, cifukwa cace ndi dzina la wosinthayo. Amisiri amabwera ndi kupita, ena akwezedwa pa nchito, ena asamukira ku maiko ena, koma seva itsala, ndipo wolowa m'malo ayenera kupeza njira yolambulidwa. Buku lotere mtengo wace ngwocepa, ndipo lidzapulumutsa maola ambiri pa tsiku la bvuto. Anthu amene aika maina ao ndi ciyembekezo cao pa masamba amenewa ayenera kusamalidwa motero, ndipo tikhulupirira kuti onse amene apatsidwa udindo wosunga makina awa adzamva mau athu ndi kuwacita.