Si aulesi okha amene akuchotsedwa ntchito

Akonzi,

Maganizo amene anatuluka posachedwapa, akuti wolimbikira ntchito sachotsedwa ndipo odandaula ndi aulesi okhaokha, ndi olakwika.

Mlembi wake akuti bwana sangataye munthu womupindulitsa. Amataya ndithu. Pa kampani ina yogulitsa katundu, mayi wina wowerengera ndalama anakana kusaina malisiti achinyengo a mkulu wake. Posakhalitsa ena anayamba kumunenera mayiyo kwa mabwana kuti ndi wamwano, kumisonkhano anasiya kumuitana, kenako kalata yomuchotsa inafika. Wolemba kalata ino ankagwira nawo ntchito mayiwa ndipo anaziona ndi maso.

Akutinso kampani ili ndi ufulu wochotsa aliyense amene yafuna. Lamulo silitero. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limafuna chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la wantchito, luso lake kapena kayendetsedwe ka kampani. Woganiziridwa mlandu ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza, ndipo gawo 61 limati wolemba ntchito ndiye afotokoze chifukwa chochotsera munthu. Miseche ya m'makhonde si umboni.

Pomaliza akuti wolakwiridwa angopita kukhoti. N'zoona, kuli ofesi ya Labour ndiponso Industrial Relations Court. Koma mlandu umatha kutenga zaka, pomwe lendi ndi fizi ya ana sizidikira. Ambiri amangousiyira panjira.

Unduna wa Zantchito uziyendera makampani ndi kuonetsetsa kuti wantchito aliyense akumvedwa asanachotsedwe.

Wokhudzidwa,
Limbe