Dzanzi mu Zala si Pump, Mudala

Kuli ba guy bambili mu Lusaka bamene tsiku lawo liyenda so: 08 hours bali kale pa kompyuta mu ofesi, ku call centre olo mu ka booth ka mobile money. 17 hours ikakwana ni minibus, kusintha vovala, na kuthamangila ku nsimbi. Bena ni gym yolipila pa mwezi, bena ni kuseli kwa nyumba ku Matero olo ku Chawama, kwamene ma weights ni simenti youmila mu matini a penti. Chifuba chikula, T-shirt iyamba kuthina. Koma usiku kachala kakang'ono kachita dzanzi, monga nyelele ziyenda mukati. Mukauza banzanu, yankho ni imodzi: "Ni pump iyo mudala, ikapo plate ina."

Iyo si pump. Ni nerve yamene yapanikizika. Minofu mukaivutitsa, mukadya bwino na kugona, imakula. Nerve siikula na kuvutitsidwa, imaonongeka chabe. Ndipo ikaonongeka maningi imachila mochedwa: imamela pafupifupi milimita 1 pa tsiku. Pimani kuchoka pa chigongono kufika ku zala, muzaona kuti tikamba za miyezi.

Ma nerve a kwanja ali monga mawaya a malaiti. Achokela mu mukosi, apita pansi pa phewa, ndiye atsika mpaka ku zala. Pali malo opapatiza pamene waya ukhoza kufinyika, ndipo chala chamene chachita dzanzi ndicho chimaulula malo.

Ngati ni kachala kakang'ono na hafu ya chala cha ring, ganizilani chigongono. Apo papita ulnar nerve, ija imapanga shoko mukagunda chigongono pa chitseko. Ili pafupi na khungu, ilibe nyama yoiteteza. Mukapinda kwanja imakokeka. Manje ganizani: tsiku lonse mwatsamila chigongono pa desiki, foni ili pa khutu, mu minibus muli pa WhatsApp kwanja kuli kopinda, usiku mwagonela kwanja pansi pa pilo. Madzulo mwaonjezela ma skull crusher, ma dips na ma curl olema. Nsimbi yangomalizitsa nchito yamene desiki inayamba kuseni.

Ngati ni chala chachikulu, cholozela na chapakati, nkhani nthawi zambili ili pomangila wotchi. Apo median nerve ipita mu kanjila kothina kamene ba dokota bamati carpal tunnel. Dzanzi iyi ikonda kukuutsani usiku, mwayamba kukutumula kwanja kuti imveke bwino. Mouse na keyboard mutapinda dzanja, pamodzi na bench press yamene bar yakhala ku zala ndipo dzanja lagonela kumbuyo, vonse vifinya malo amodzi.

Ngati kubaba kuchokela mu mukosi, kudutsa pa phewa na kutsika monga moto, ndipo kukula mukacheuka olo kuyang'ana kumwamba, vuto ingakhale mu mafupa a mukosi mwamene nerve ichokela. Laptop ya pansi yamene ikupangitsani kutulutsa mutu monga kamba, na press ya kuseli kwa mukosi, siviyendelana na mukosi wotele.

So muchite chani? Yambani na ku nchito, chifukwa kuja mumankhalako maola 8, ku gym ola imodzi chabe. Chotsani chigongono pa thabwa, olo ikamponi kathaulo kopinda. Kwezani screen ifike pa maso, ma ream a pepala olo mabuku akale agwila nchito iyi mahala. Foni ikhale pa ma earphones. Pakapita mphindi 30 imililani, tambasulani manja, yendaniko ngakhale kukatapa madzi. Usiku mangani thaulo momasuka pa chigongono kuti kwanja kusapindike mu tulo.

Ku gym simufunika kuleka vonse. Lamulo ni iyi: exercise iliyonse yamene ibweletsa dzanzi olo shoko, isiyeni masabata angapo. Chepetsani kulema. Pa bench, bar ikhale pansi pa chikhato, dzanja loongoka pamwamba pa chigongono. Ma curl yesani na ma dumbbell, zikhato ziyang'anane. Ndipo miyendo ilipo, mudala. Bambili mwaiwala kuti leg day iliko, iyi ndiye nthawi yake.

Osanama thupi na ma painkiller. Kumwa Brufen olo diclofenac kuti munyamule fulu ni monga kukweza volume mu motoka kuti musamve injini igogoda. Mankhwala odzola samasula nerve yamene yafinyika.

Dziwaninso kuti si dzanzi yonse ichokela ku nsimbi. Ngati ili manja onse awili na ku mapazi, pimitsani shuga. Moba wambili na kuchepa kwa vitamin B12 navo vimaononga ma nerve. Mankhwala a TB ochedwa isoniazid angabweletse dzanzi, ndiye chifukwa amapita pamodzi na vitamin B6. Osaleka kumwa mweka, kauzeni ba nurse. Koma B6 yomweyo ikachuluka maningi nayo imaononga, so belengani vamene valembedwa pa ma supplement anu.

Pali nthawi yoleka kudzichilitsa. Ngati dzanzi siichoka tsiku lonse, yapitilila masabata angapo ngakhale mwasintha ivi, kapu igwa yeka, kiyi ikanga kutembenuka, mabatani a shati avuta, olo nyama ya pakati pa chala chachikulu na cholozela yayamba kubwela monga dzenje, pitani ku kiliniki. Vipatala va Matero, Chawama, Kanyama, Chilenje na Chipata compound ndiye poyambila, ndipo ngati nkhani ni yaikulu bazakutumani ku UTH olo ku Levy Mwanawasa. Funsani za physiotherapy. Nerve yofinyika kwa nthawi yaitali nthawi zina siibwelela mwakale ngakhale bachite opaleshoni.

Ndipo izi zibili siziyembekeza mailo. Kwanja kwafooka mwadzidzidzi, kamwa yapendama, mau sakutuluka bwino: iyo ingakhale stroke. Kwanja kubaba pamodzi na kuthina pa chifuba, thukuta na kupuma movutika: uwo ungakhale mtima. Pezani motoka pamene apo.

Zala zamene zigwila bar ndizo zigwila keyboard, ndipo keyboard ndiyo ilipila renti na gym yomweyo. Mawa mukankhala pa desiki, onani kaye pamene chigongono chanu chatsamila.